Likoma: Chilumba Chimene Chidadikira Doko

Ku Mufakose, Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, m'malokeshoni a mzinda wa Harare, muli mabanja ambiri amene dzina la mudzi wa makolo awo amalimva pa maliro pokha. Mkulu wa bungwe lothandizana pa zovuta akaimirira kuti anene mbiri ya malemu, amatchula boma, mfumu ndi mudzi: Dedza, Mangochi, Zomba, Nkhata Bay. Mwa apo ndi apo amatchula Likoma. Adzukulu obadwira ku Zimbabwe, amene Chishona chidawalowa kuposa Chinyanja, amangomvako kuti kumeneko ndi pachilumba, ndipo kuti kulibe msewu wofikako.

Mayi wina wa ku Mufakose, amene amapikula tomato ndi masamba pa Mbare Musika mbandakucha nakagulitsa pakhomo pake, adakula akulimva dzinali. Agogo ake aamuna adachoka pa Likoma ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1940, nakapeza ntchito ya ukalaliki ku Salisbury chifukwa ankadziwa kulemba ndi kuwerengera. Sadabwererenso. Anthu otere kwawo amawatcha machona. Mayiyo atakwanitsa zaka 50 adatsimikiza mtima zokaona yekha kumene kudatsala mchombo wa agogo akewo.

Nkhani ya banja lake ndi ya mabanja ambirimbiri. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna zikwizikwi a ku Nyasaland ankalowera ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi, m'mapulazi a fodya ndi m'nyumba za azungu, ena wapansi, ena pa malole osalipira amene anthu adangowatcha Ulere, enanso kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito lodziwika kuti Mthandizi. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya ana ndi adzukulu awo ambiri opanda dziko. Mu 2005, pa Murambatsvina, pamene nyumba za m'malokeshoni zinkagwetsedwa anthu nauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo, iwo adalibe mudzi woti aloze. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adazindikira kuti wobadwira m'Zimbabwe, kholo lake litachokera m'dziko la SADC, ndi nzika ngati akukhala m'dzikomo. Pepala lidakonzedwa, koma funso loti kwanu ndi kuti silidathe.

Ulendo wa pamtunda suchedwa kuufotokoza. Basi imadutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Malawi pa Zobue ndi Mwanza, mpaka ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Kuchokera apo ndi maminibasi, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, mpaka ku Monkey Bay kumene msewu umathera m'madzi. Pamenepo ndi pamene pamagona Ilala.

Sitimayi ndi nkhalamba. Idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland, niibwera zidutswazidutswa kudzera ku doko la Beira, ndipo atailumikiza m'mbali mwa nyanja idayamba ntchito mu 1951. Idabwera kudzatseka mpata umene udasiyidwa ndi sitima ya Vipya, imene idamira mu 1946 cha kumpoto kwa nyanja, anthu 145 naferamo. Dzina lake lidachokera ku dera la Ilala m'dziko la Zambia, kumene David Livingstone adamwalira mu 1873, ndipo ndi dzina lomwe idali nalo sitima yoyamba ya nthunzi imene amishoni a Livingstonia adafika nayo panyanjayi mu 1875. M'litali mwake ndi mamita 52, ndipo imanyamula anthu oposa 350 pamodzi ndi katundu wawo. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Chilumba m'boma la Karonga, mtunda wa makilomita ngati 480, nkubwerera ku Monkey Bay chapakati pa sabata yotsatira. Koma amene adaikwerapo amadziwa kuti nthawi yolembedwa papepala ndi ina, nthawi yonyamuka ndi ina.

Pamwamba penipeni pa sitimayo pamakhala alendo okaona malo, okhala pamipando namajambula mapiri ndi dzuwa likamalowa. Kwa iwo uwu ndi ulendo wosangalala wa masiku angapo. Pansi, pamene mtengo wake uli wotsika, ndi pamene pali moyo wa anthu a m'mbali mwa nyanja. Mayi wa ku Mufakose adapeza malo pakati pa matumba a chimanga ndi makatoni a sopo, pafupi ndi mtolo wa malata ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Padali matumba a simenti, makreti a zakumwa, matiresi, njinga, ndowa zapulasitiki zolongedzana, ana a sukulu obwerera kutchuthi, ndi mayi wodwala atagona pachitenje, mutu pamwendo wa mwana wake. Kwa anthu amenewa Ilala ndi basi, ndi lole, ndi msika, ndiponso ambulansi. Munthu wozolowera kulimbirana malo pa Mbare Musika sadaone chachilendo. Chimene chidamudabwitsa ndi chakuti Chinyanja cha agogo ake, chimene ku Harare ankachita nacho manyazi ali mtsikana, muno chinkamveka mbali zonse.

Kukada nyanja imasanduka mudzi wa nyali. Asodzi amayatsa nyali pa mabwato kuti akope usipa, nauzinga ndi chilimira, ndipo wokhala m'sitima amaona ngati tauni yayandama pamadzi. Imeneyo ndi nyanja ikakhala bata. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo ya mwera imachokera kumwera niutsa mafunde aatali ngati nyumba, ndipo ngakhale amalonda okalambira m'sitimamo amakhala chete atagwira chitsulo. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo malo ena ndi yakuya mamita 700. Si dziwe.

Kuti munthu amvetse tanthauzo la doko, ayenera kuona m'mene anthu amatsikira pamalo opanda doko, monga pa Nkhotakota, pamene madzi ali osaya ndipo sitima imaponya nangula patali ndi gombe. Amalinyero amatsitsa maboti awiri amene amakoloweka m'mbali mwa sitima. Anthu amatsetsereka pamakwerero achitsulo mmodzimmodzi, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Khanda amalipatsirana pamanja monga mtolo. Thumba la ufa amaliponya, wina naliwakha, ndipo nthawi zina saliwakha. Boti likayandikira kumtunda silifika pamchenga, choncho munthu amalumphira m'madzi ofika m'chiuno, katundu pamutu, kapena amalipira mnyamata kuti amunyamule pamapewa. Botilo limabwerera, nkubweranso, nkubweranso, mpaka katundu yense atha. Ntchito imene pa doko ikadatenga ola limodzi imadya theka la tsiku.

Umu ndi m'mene anthu a pa Likoma adakwerera ndi kutsikira Ilala kwa zaka zoposa 70.

Loweruka chilumbacho chidaonekera: mtunda wotsika, wamiyala, wouma, wodzaza ndi milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango. Kuseri kwake kudaima mapiri obiriwira aatali, ndipo mlendo aliyense amayamba waganiza kuti amenewo ndi Malawi. Ayi, ndi Mozambique, chigawo cha Niassa. Gombe la Cobue lili pa mtunda wa makilomita ochepa chabe, moti kukacha bwino nyumba zake zimaoneka, pamene Nkhata Bay, doko la Malawi loyandikira, lili pa makilomita ngati 70 kumadzulo. Pamene Britain ndi Portugal adagwirizana za malire a panyanja mu 1954, madzi a mbali imeneyi adapita kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi mnzake Chizumulu zidatsala ku Nyasaland chifukwa cha mishoni ya Anglican imene idali itakhazikika kale pamenepo. Motero zilumba ziwirizi ndi nthaka ya Malawi yozingidwa ndi madzi a Mozambique. Kale zidali pansi pa Nkhata Bay, ndipo mu 1999 zidakhala boma paokha, laling'ono kuposa maboma onse m'dziko.

Mayi wa ku Mufakose sadanyowe. M'zaka za m'ma 2020 boma lidamangitsa doko la konkire pa Likoma, ntchito imene idagwiridwa ndi kampani ya Mota-Engil, ndipo iye adatsika akuyenda ndi miyendo yake, chikwama m'manja, ngati akutsika basi. Achinyamata a pa chilumbapo adaliona doko ngati chinthu wamba. Okalamba amene adatsika naye ankaponda mosamala, ngati sakukhulupirira kuti pansipo ndi pouma.

Kwa munthu wa kumtunda doko ndi mlatho waufupi wosapita kulikonse. Kwa munthu wa pa Likoma ndi nkhani ya mtengo wa ufa. Chilumbachi ndi chachikulu masikweya kilomita 18, Chizumulu atatu okha, koma kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 m'bomali. Ndiye kuti pa sikweya kilomita iliyonse pali anthu pafupifupi 700, pamene m'dziko lonse adali 186. Mlimi aliyense akhoza kuwerengera yekha. Nthaka yake ndi yamchenga ndi miyala, yosasunga chinyontho, ndipo chimanga sichichita bwino. Chimene chimapirira ndi chinangwa, ndipo nsima ya pa chilumbapa ndi kondowole. Timinda take ndi tating'ono, totchingidwa kuopa mbuzi. Chakudya cholimidwa pompo sichikwanira chaka, choncho chimanga, mpunga, nyemba, shuga, mafuta ophikira ndi mchere zimachita kuwoloka madzi. Nkhuni ndi makala ambiri amachokera tsidya la Mozambique pa maboti a matanga. Simenti, malata, feteleza, mabuku a sukulu, mankhwala a kuchipatala, dizilo, zonsezi zimabwera pamadzi.

Tsono katundu aliyense wotsika ndi boti laling'ono ankalipiridwa kangapo: kwa sitima, kwa omutsitsira m'boti, kwa omunyamula m'madzi, ndi kwa omukweza kumtunda. Thumba la simenti likanyowa latha. Thumba la ufa likagwera m'nyanja, wogulitsa amabweza ndalama yake pa matumba otsalawo, ndipo wolipira ndi mayi wogula ndi mbale pamsika wa Mbamba. Ndi chifukwa chake zinthu pa Likoma zakhala zokwera mtengo kuposa ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, chonsecho ogulawo ndi asodzi ndi alimi a chinangwa. Ndipo pali mtengo wina wosawerengeka ndi ndalama, wa mayi woyembekezera amene watumizidwa kuchipatala chachikulu kumtunda, kapena nkhalamba yothyoka mwendo, imene inkayenera kukwezedwa pamakwerero usiku, mwera ukuwomba.

Kuchokera kugombe, njira yokwera pang'ono imafika pa Chipyela, ndipo pamenepo mlendo amaima kukamwa yasa. Pakati pa milambe pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chamiyala ndi njerwa, chachitali pafupifupi mamita 100, chokhala ndi nsanja ziwiri ndi mawindo a magalasi amitundumitundu. Amishoni a Universities' Mission to Central Africa adakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo odziwika kwambiri mwa iwo ndi William Percival Johnson ndi Chauncy Maples. Maples adadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu 1895, koma adamira panyanja chaka chomwecho asadafike pa mpando wake, naikidwa ku Nkhotakota. Mwala wa maziko a tchalitchichi udaikidwa mu 1903 ndi Bishopu Gerard Trower, mapulani ake adajambula ndi Frank George, ndipo chidapatulidwa mu 1911. Dzina loti Chipyela likukumbutsa kuti pamalopa ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. M'katimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo umene pansi pake adakwirira mtima wa Livingstone. Miyala ya nyumbayi idasemedwa pa chilumba pompo ndi manja a anthu a pompo, koma zambiri zotsala zidawoloka nyanja, ndipo zidatsika popanda doko.

Amishoniwo sadamange tchalitchi chokha. Adatsegula sukulu, chipatala chimene mpaka lero chimalandira odwala ochokera tsidya la Mozambique, ndi nyumba yosindikizira mabuku. Sitima zawo, Charles Janson ndipo kenako Chauncy Maples imene idayamba kuyenda mu 1901, zinkazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja zitanyamula aphunzitsi. Likoma idatchuka m'Nyasaland yense kuti ndi kwa anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Apa ndi pamene nkhani ya chilumbachi ikukumana ndi nkhani ya ku Mufakose. Mnyamata wophunzira, wodziwa Chingerezi ndi masamu, akadachita chiyani pa chilumba cha miyala chopanda munda wokwanira, chopanda fakitale, chopanda njira yotulutsira malonda? Ankakwera sitima. Ena adakhala aphunzitsi ndi ansembe kumtunda, ena makalaliki, amisiri ndi othandiza madokotala ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya kopa ya Northern Rhodesia ndi ku Johannesburg. Kwa zaka zambiri katundu wamkulu wotuluka pa Likoma adali ana ake, ndipo wobwera adali makalata ndi ndalama zotumizidwa. Makalata akasiya kubwera, abale ankadziwa kuti munthu wachona.

Masiku ano zinthu zina zasintha. Magetsi, amene kale ankachokera ku majenereta a dizilo okha namazimitsidwa nthawi zoikika, adawonjezeredwa mphamvu mu 2020 pamene kampani ya EGENCO idaika makina a dzuwa a mamegawati 1.3 pa zilumba ziwirizi. Pali bwalo la ndege zing'onozing'ono zimene zimabweretsa alendo ku malo ogona monga Kaya Mawa. Mafoni amagwira, ndipo ndalama zochokera ku Harare kapena ku Joni zimafika tsiku lomwelo. Koma chuma cha anthu ambiri chikadali nsomba. M'magombe a Makulawe, Nkhwazi ndi midzi ina, usipa ndi utaka zimayanikidwa pa mathandala, amayi akuzitembenuza ndi manja, kudikira tsiku la sitima. Nsomba youma imapirira kudikira. Yaiwisi, imene ili ndi mtengo wabwino ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, imafuna ayezi ndi ulendo wodalirika. Magetsi alipo tsopano, doko lilipo, chotsala ndi chachitatucho.

Pakuti doko ndi theka chabe la njira. Theka linalo ndi sitima, ndipo Ilala yadutsa zaka 70 ili pantchito. Imaima pa Likoma kawiri pa sabata, popita kumpoto ndi pobwerera. Ikawonongeka kapena ikalowa kokonzedwa, monga mu 2012 pamene idaima miyezi yambiri kuti aiike mainjini atsopano, anthu amadalira zombo zing'onozing'ono ndi maboti amatabwa kuwoloka makilomita 70 a nyanja yapakati, ndipo mitengo pamsika imakwera sabata yomweyo. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ogwira ntchito m'madera akutali amaidziwa bwino nkhani yotere: nkhokwe yabwino kumudzi kumene lole silifika, chipatala chokongola kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Chitukuko chimakonda kubwera chidutswa chimodzi, anthu naombera m'manja, kenako nkudikira zaka kuti chidutswa chachiwiri chifike. Pa Chizumulu, pamene Ilala imaima ikachoka pa Likoma, nkhawa za anthu ake ndi zomwezo, ndipo iwo ndi ochepa kwambiri moti mawu awo samveka patali.

Mayi wa ku Mufakose adali ndi masiku atatu okha, kudikira kuti sitima ibwerere kuchokera kumpoto. Pa chilumba chotere kufunsa sikuvuta, chifukwa maina a mabanja amadziwika mudzi ndi mudzi, ndipo dera lonse lili pansi pa mfumu yaikulu imodzi, Mkumpha. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi adatchula dzina la agogo ake kwa amayi a bungwe la mpingo, ndipo dzuwa lisadapendeke adali atakhala pamkeka pakhonde la gogo wina wa maso akhungu, amene ali kamtsikana adamvapo za m'bale wa bambo ake amene adapita ku Halale osabwerako. Gogoyo adamugwira nkhope ndi manja onse awiri, namutcha mdzukulu wanga, namudzudzula chifukwa chobwera mochedwa, ngati kuti wachedwa ndi tsiku limodzi. Iye adayankha kuti pepani agogo, Chinyanja chake chikusakanikirana ndi Chishona, ana oonerera akuseka chamumtima. Adamuonetsa mtengo wa mango ndi mulu wa miyala pamene padali nyumba. Madzulo adadya kondowole koyamba m'moyo wake, ndipo adavutika kuimeza, pakuti m'kamwa mozolowera sadza ya chimanga imakakamira. Anyamata a m'mudzimo adamulonjeza kuti akadzabwera nyengo ya Khirisimasi adzaona malipenga, gule wa amuna ovala zoyera oguba ngati asilikali, amene iye adamufanizira ndi beni amene amavinidwa ndi ana a Amalawi ku Harare.

Tsiku lobwerera adagula thumba la usipa wouma. Ku Harare anthu adazolowera matemba a ku Kariba, ndipo iye adawerengera kale kuti akagulitsa thumbalo ndi kapu pakhomo pake akhoza kubweza gawo la ndalama ya basi, akasiyako pang'ono pogawira okalamba a bungwe la maliro amene adaiwala kukoma kwake. Anthu adayamba kusonkhana pa doko masana, atakhala pa matumba awo a nsomba, ena akugulitsa mandasi ndi chinangwa chowiritsa. Dzuwa lidalowa kuseri kwa Chizumulu sitima isadaoneke. Gogo uja adatumiza mdzukulu wake wamwamuna kuti anyamule thumba, ndipo mnyamatayo adafunsa kangapo ngati ku Harare ntchito zimapezeka. Usiku utakula wina adaloza kumadzulo kumene kudaoneka nyali zitatu zosasuntha ngati za asodzi, ndipo patapita kanthawi lipenga la Ilala lidamveka. Amayi adayamba kudzutsa ana ndi kumanga zitenje.